Chaka Chimene Apongozi Anandilanda Likulu

Chaka chimene mphepo inasasula denga la nyumba yathu ya kusukulu, ine ndi mkazi wanga tinasamukira kwawo, kudera la Mlolo ku Chadiza, kukadikira kuti akomiti ya sukulu apeze malata. Anatiuza kuti ndi nkhani ya masabata awiri. Tinakhalako miyezi isanu. Kusukulu ndinali mphunzitsi wa giredi sikisi, munthu woti ndikangokhosomola kalasi yonse imakhala zii, koma kumudzi kuja ndinali mkamwini basi. Anatipatsa kanyumba ka kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga kupita kuntchito ndikununkhako pang'ono za aneba athuwo.

Ine ndi apongozi anga aakazi sitinkalankhulana maso ndi maso. Panalibe chidani, unali mwambo chabe, umene ambiri anausiya koma iwo ankausunga. Ndikawaona akubwera m'njira ndinkapatukira m'maudzu, nkunyonyomala, nkuwomba m'manja chapansipansi, iwo nkuyankha akuyang'ana kumbali. Mawu ena onse ankadutsa mwa mkazi wanga. Anali mayi wamfupi, wa m'chigwirizano cha amayi kutchalitchi, wodziwa chulu chilichonse ndi chitsa chilichonse cha m'malire a munda wawo. Munthu akalowetsako khasu mzere umodzi wokha, ankadziwa tsiku lomwelo. Amuna awo, apongozi anga aamuna, anali munthu wofatsa, wokonda kukhala pansi pa mtengo nkumakonza njinga za anthu, ngakhale zimene sizinawonongeke.

Ndinali ndi laputopu yakale imene ndinagula ku Chipata kuti ndizitaipira mayeso. Mwini wake woyamba anasiyamo masewera ena. Umayamba ndi kagulu ka anthu pakati pa mapu akuda bii. Umasankha pomanga mudzi, kulima minda, kumanga nkhokwe ndi linga, kuphunzitsa asilikali, kutumiza anthu kukatsegula midzi ina, mpaka dziko lako likule nkukumana ndi mayiko a ena. Ukatha kuchita zonse zimene ungathe, umadina batani nkudikira kuti anzako achite zawo, ngati pa nsolo. Palibe chothamangira. Ukhoza kusiya asilikali ataima pamlatho, kupita kukasamba, pobwera nkuwapeza ali pomwepo.

Tchuthi cha mu Ogasiti chitafika, zokolola zili m'nkhokwe, ndinalibe chochita. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka batire kutha. Sola inali padenga la apongozi, choncho mkazi wanga ndi amene ankanyamula laputopu kukaitchaja. Tsiku lachinayi anandiuza kuti akadadziwa kuti ndili ndi mkazi wachiwiri, akadapempha kuti azithandizana kutunga madzi. Pofuna kuti mlandu uthe, ndinamuonetsa kuti masewerawo akhoza kuseweredwa ndi anthu awiri mosinthana. Ine ndinatenga anthu abuluu, iye ofiira. Panalinso achikasu, oyendetsedwa ndi kompyuta yomweyo, amene anali kutali kumpoto ndipo sitinawaganizire nkomwe.

Ndinene zoona, ndinkafuna munthu womugonjetsa. Mkazi wanga anamanga mudzi wake woyamba pamchenga chifukwa malowo ankaoneka oyera bwino. Msilikali mmodzi yekha amene anali naye anamutuma kuti akaone nyanja. Ine ndinkaseka, nkumamufotokozera pang'onopang'ono monga ndimachitira ndi ana ochedwa kumva. Popeza batire silinkachedwa kutha, tinagwirizana kuti ine ndizisewera mbali yanga pansi pa mango, iye azikasewera yake kwa amayi ake uku ikutchaja. Kanjira ka pakati pa nyumba ziwirizo kanayamba kuyera.

Patatha sabata, zinthu zinasintha. Ndinatumiza anthu anga kukamanga pamalo ena abwino, pamene mtsinje unakhota, koma anakapeza mudzi wofiira utaima kale. Ndinawatembenuzira kuphiri kumene kunali chitsulo, nako anakapeza wina. Mkazi wanga poyamba ankangotcha midzi yake Woyamba, Wachiwiri. Iyi inali ndi mayina ena. Wa kumtsinje unali Ndafika Kale. Wa kuphiri unali Pondani Muone. Wachitatu, umene unamera usiku umodzi pafupi ndi minda yanga ya tirigu, unali Mangani Mbuzi Zanu. Mawu amenewa ndinali nditawamvapo pamudzipo, ndipo sanachoke pakamwa pa mkazi wanga. Nditamufunsa, anangoti akuphunzira, si ine ndinamuphunzitsa?

Masana ena ndinapita kukabweza pampu ya njinga kwa apongozi aamuna. Ndikudutsa kuseri kwa nkhokwe ndinamva mawu a apongozi aakazi pakhonde, ndipo ndinaima.

"Akavalo awo usawaonetse, uwabise kuseri kwa phiri," iwo ankatero. "Aphunzitsi akamanga mudzi kuchigwa, uwaleke. Amange nkhokwe, adzaze, ndiye tipite."

"Amayi, komatu ndi apongozi anu," anatero mkazi wanga.

"Ndikudziwa. Nchifukwa chake ndikuti adzaze kaye."

Ndinasuzumira pakati pa nsichi. Laputopu inali pamiyendo pa mkazi wanga. Apongozi sankaikhudza, ndipo sanaikhudzepo mpaka nkhondo kutha. Anali pamphasa akusenda mtedza, ndipo pansi pafupi nawo anali atajambula dziko lonse ndi kamtengo, mtsinje, mapiri, nyanja. Midzi yawo inali timiyala, asilikali awo anali mtedza, asilikali anga anali makoko. Ndinabwerera ndi pampu ija osaibweza.

Usiku umenewo mkazi wanga anaulula. Anati amayi ake anamuona akuyang'anitsitsa pagalasi la laputopu nkufunsa kuti nchiyani. Atamva kuti ndi nkhani ya malo, ndipo kuti malo opanda mwini akutengedwa ndi mkamwini mwana wawo akuyang'ana, anasuntha mphasa. Kuyambira tsiku limenelo iye anali manja chabe, ndi womasulira Chingerezi.

Apa ndinali pamavuto. Makina amene ukhoza kuwawotchera mudzi nkugona tulo tabwino ndi ena, apongozi ndi ena. Nditakumana ndi ahedi athu pagolosale, ndinawafotokozera. Anaseka mpaka kugwira chitseko, kenako anandilangiza ngati munthu amene wakhala m'banja zaka zambiri kuti ndigonje, koma pang'onopang'ono, kuti zisaoneke. Ndinatsatira malangizowo. Ndinatumiza uthenga wa mtendere pamodzi ndi mphatso ya golide ndi nsalu. Apongozi analandira. Ndinatumizanso ina, analandiranso. Asilikali anga akakumana ndi awo pamsewu, ndinkawapatutsira m'nkhalango kuti ofiira adutse. Golide uja anagulira akavalo ena, ndipo tsiku lina m'mawa ndinapeza mudzi wanga wa kuchigwa wasanduka wofiira, nkhokwe yake yodzaza bwino.

Laputopu inabwera ndi uthenga. Mkazi wanga anaunena ataimirira, akuyang'ana pansi kuti asaseke. Amayi ake ankati iwo si mwana woti azimusiyira nyama m'mbale. Ngati aphunzitsi akuwalekerera dala, iwo asiya, ndipo Lachisanu kuchigwirizano akauza amayi anzawo kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wopereka munda asanafunsidwe nkomwe. Ngati sakuwalekerera, ndiye kuti nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni koposa.

Ndinavula ulemu nkuupachika pamtengo wa mango. Ndinasiya kumanga masukulu ndi misika, midzi yanga yonse inayamba kusula malupanga. Ndinapanga makina atatu oponya miyala, nkuwakokera kumtsinje pang'onopang'ono, oponya mivi ali patsogolo. Linga la Ndafika Kale linagwa pa ulendo wachitatu. Mbendera yabuluu itakwera, ndinadzuka nkuvina ndekha, mbuzi zikundiyang'ana pa mpanda. Dzina la mudziwo sindinalisinthe. Mtima umenewo ndinalibe.

Madzulo amenewo laputopu sinabwere. Kambale ka ndiwo kamene apongozi ankatumiza tsiku lililonse, kaya nkhwani wotendera kaya chigwada, nako sikanabwere. Mawa lake chimodzimodzi. Mkazi wanga ankangoti amayi ali bwino, akuganiza. Tsiku lachitatu ndinaona apongozi aamuna akubwera, chinthu chimene sanachitepo. Ndinawapatsa mpando, ine nkukhala pansi. Analankhula za mphepo ya chaka chimenecho, za thonje la ku Zemba, za matcheni a njinga a masiku ano amene amaduka ngati ulusi. Ine ndinali nditakonza kale mawu opepesa.

"Aphunzitsi," anatero potsiriza, "mudzi munalanda uja musabweze."

Anafotokoza motsitsa mawu kuti chiyambireni nkhondoyi, palibe amene wawafunsa za chitseko cha khola chimene analonjeza kukonza chaka chatha, kapena za kumene amachedwa akapita kukagula mafuta a njinga. Akazi awo akangodzuka amapita pa dziko lawo la pansi lija nkumasuntha mtedza. Nkhuku ina inadya asilikali anayi ndipo inatsala pang'ono kuphikidwa. Iwo ankapempha kuti ngati nkotheka, nkhondoyo ifike mpaka mvula yoyamba. Ponyamuka anayang'ana uku ndi uku, nkundinong'oneza kuti amva kukambidwa za zombo. Sankadziwa kuti zikutanthauza chiyani, koma zombo zikutchulidwa kawirikawiri.

Likulu langa linali m'mbali mwa nyanja. Laputopu itabwera madzulo ake, pamodzi ndi kambale ka therere, ndinasamutsa asilikali onse kuwandandalika pagombe. Ndinamanga nsanja, ndinamanga zombo zanga zolondera. Ndinadikira masiku atatu ndikuyang'ana madzi. Apongozi anatulukira kuphiri, kumbuyo kwanga, ndi akavalo aja, ndipo anatenga Ndafika Kale ndi midzi yanga ina iwiri popanda wowafunsa. Zombo analibe ngakhale chimodzi. Patapita nthawi, apongozi aamuna anavomera akupopa tayala kuti mawu a zombo anachita kupatsidwa kuti akanene. Koma za chitseko cha khola, anati, zimenezo zinali zochokera mumtima.

Tikulimbana chonchi tinaiwala achikasu. Iwo sankamenyana ndi munthu, ankangophunzira kupanga zida zatsopano. Tsiku lina anatulukira kumpoto ndi mizinga, ife tidakali ndi mauta ndi malupanga. Pa ulendo umodzi anawotcha mudzi wanga umodzi, pa wotsatira anatenga Pondani Muone. Sabata yomweyo mkazi wanga, amene anali woyembekezera, anabwera kuchokera kusikelo atauzidwa ndi anesi kuti miyendo yatupa, azigona, asamayendeyende. Anatiuza tonse awiri, ine ndi amayi ake, aliyense payekha, kuti watula pansi udindo. Laputopu inakhala masiku awiri pawindo la apongozi, yodzaza moto, popanda woitsegula.

Tsiku lachitatu ndikuwaza nkhuni ndinamva mawu a apongozi aakazi kuchokera kukhonde kwawo, okwera kuposa masiku onse. Ankalankhula ndi galu wawo, galu wokalamba amene ankangogona pabwalo. Ankamuuza kuti nzachisoni kuti adani ali pakhomo, ndipo pamudzi pano pali munthu mmodzi yekha wotsala wodziwa kudina mabatani, koma iwo sangamuitane. Ndinaika nkhwangwa pansi. Ndinapita mpaka pakona pa nyumba yawo, nkunyonyomala, nkuwomba m'manja, ndipo ndinauza galuyo kuti munthuyo ali pafupi ngati akufunika.

Anandiikira kampando kumapeto kwa khonde, koyang'ana kukhola. Iwo anakhala pamphasa yawo atandifulatira, akuyang'ana dziko lawo la pansi. Galu anali pakati pathu. Ndinkasewera mbali yanga, kenako nkudina batani, nkutenga mbali yawo. Ndinkauza galu zimene zili pagalasi, iwo nkusuntha mtedza ndi makoko, nkuuza galu zoti zichitike. Achikasu anawasankhira njere za chimanga.

Apa ndi pamene ndinaona mmene ankaganizira. Ine ndinkafuna kuti tisonkhanitse asilikali onse tikakumane ndi achikasu pachigwa. Iwo anauza galu kuti munthu amene ali ndi mfuti sulimbana naye pabwalo. Anafunsa kuti mizingayo imayenda bwanji. Ndinati pang'onopang'ono, ndipo m'nkhalango ndi m'dambo imachedwa koposa. Anafunsa kuti achikasuwo chitsulo amachitenga kuti. Ndinayang'ana, ndinapeza kuti anali ndi mgodi umodzi wokha, wolumikizidwa ndi msewu umodzi. Anapitiriza kusenda mtedza, kenako anati oponya mivi anga akhale m'malinga azingopirira, akavalo awo azungulire kudambo akadule msewuwo ndi kuwononga minda. Ndinatsutsa, ndinati midzi yanga ndi imene izipsa pamene iwo akuzungulira. Anayankha kuti inde, ndi mmene zikhalire.

Tinachita zimenezi masiku anayi, kuyambira chakudya cha masana chikatha mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lachiwiri galu anatopa nafe nkupita kukagona kunkhokwe, koma tinapitiriza kulankhula ndi malo amene anagonapo. Tsiku lachitatu, akavalo atatsala pang'ono kufika pamgodi, ndinalakwitsa nkuwayendetsa njira ina.

"Osati uko, atate, kumanzere," anatero apongozi, molunjika kwa ine. "Mwaiwala kuti pamlatho pali alonda?"

"Pepani amayi, ndaona," ndinatero.

Apongozi aamuna, amene ankamanga sipoko ya njinga chapafupi, anakhosomola. Palibe anatchulapo kanthu, ndipo kuyambira pamenepo galu sitinamuvutitsenso, ngakhale kuti tinkakhalabe chofulatirana.

Mgodi utagwa, achikasu analephera kupanga mizinga ina. Imene anali nayo inatitimira m'dambo ndipo tinaiphwanya umodziumodzi. Tsiku lachinayi anatumiza kazembe wawo kudzapempha mtendere. Ndinawawerengera apongozi zimene ankapereka. Anati aonjezere mudzi umodzi, ndipo anaonjezeradi. Ndinatambasula miyendo, ndikumva kukoma kumene munthu amamva akamaliza kukolola ndi anzake. Ndinayamba kuganiza zomanganso masukulu anga.

Kenako apongozi anafunsa kuti m'likulu la abuluu mwatsala asilikali angati.

Ndinayang'ana. Munali awiri, mmodzi wovulala. Ena onse anathera kumpoto, kumene ankapirira monga anandiuzira. Akavalo awo, amene sanavulale kwenikweni, pobwerera kwawo ankadutsa pafupi ndi likulu langa. Ndinazindikira kuti njira imeneyo anaisankha dzana.

Iwo Chingerezi sankawerenga, galasi sankaliona, ndipo mboni inali ili gone kunyumba ndi miyendo yotupa. Ndinati mwatsala asanu ndi atatu. Ndinamva makoko akuwerengedwa kumbuyo kwanga, limodzilimodzi. Kenako anati mwina aphunzitsi ayang'anenso bwino, maso amatopa ndi galasi. Ndinayang'ananso, ndipo ndinapeza kuti analidi awiri.

Motero pangano la mtendere limene ofiira ndi abuluu tinapangana achikasu atabwera, ndinalithetsa ndi dzanja langa, m'dzina lawo. Kompyuta inafunsa ngati ndatsimikiza, ndipo ndinawafunsa, iwo anati atsimikiza. Ndinayendetsa akavalo awo kuzinga likulu langa. Ndikadina batani ndinkasanduka wabuluu, nkuyesetsa ndi mtima wonse kudziteteza, kugula msilikali, kukonza linga. Ndikadinanso ndinkasanduka wofiira, nkugwetsa zimene ndangomanga kumene. Pena ankandifunsa maganizo, kuti kodi tilowere chipata cha kumtunda kapena cha kunyanja, ndipo ndinkawauza zoona chifukwa ndinkadziwa bwino kumene kunali kofooka. Likulu linagwa dzuwa lisanalowe. Anandiuza kuti ndilembe dzina latsopano, Zikomo Aphunzitsi, ndipo ndinalemba. Anafunsa ngati ndaika chilembo chachikulu poyamba.

Midzi yanga yotsala inagwa sabata yotsatira, kupatula umodzi, kamudzi ka asodzi pa kachilumba, kamene ndinakamanga nthawi ya mantha a zombo ija. Ndinawauza kuti katsala kameneko, ndipo kuti, poti achikasu anagonja kale, akakatenga masewera atha, iwo apambana, pagalasi pabwera nyimbo ndi zithunzi. Anati nyimbo amaimba kutchalitchi, kamudziko kakhale. Mkazi wanga, amene tsopano ankatha kudzakhala nafe pakhonde, anafunsa chifukwa chake.

"Mwana akubwerayu akadzafunsa kwawo kwa atate ake, tidzamulozera kuti?" anatero apongozi.

Atatero anasesa dziko lawo la pansi lija ndi tsache, asilikali awo nkuwathira m'lichero. Ndinawafunsa kudzera mwa mkazi wanga ngati angafune kuti tiyambe ena atsopano, mapu ena, poti tsopano ndawadziwa machenjerero awo. Anati ayi, mvula yayandikira, ali ndi munda weniweni wofuna kusosa. Apongozi aamuna anamva zimenezi ali chapatali, ndipo m'mawa mwake ndinawaona akufunafuna misomali.

Malata anabwera mu Okutobala, ndipo tinabwerera kusukulu pa ngolo. Mwana anabadwa mvula itayamba, wamkazi. Apongozi aakazi anabwera kudzakhala nafe masabata awiri, ulendo wawo woyamba kufika pasukulupo. Loweruka lina mkazi wanga anawatenga kukawaonetsa kalasi yanga, ine ndikutsatira patali ndi makiyi. Anayang'ana mabenchi, anayang'ana bolodi, kenako anaima pa mapu a dziko lonse lapansi amene anali pakhoma, ong'ambika pakona. Mkazi wanga anawalozera pamene pali Zambia, ndi pamene pangakhale Chadiza akadakhala kuti anailemba. Anagwedeza mutu. Anayang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Kenako analoza dziko lalikulu la pamwamba, lotambalala kuchokera pakati mpaka kumapeto kwa pepala, nkufunsa kuti mwini wake ndani, ndipo ngati malo onsewo amawalima.